Mfundo ya Goulven

Ndimatsegula geti la doko dzuwa lisanatuluke,
makiyi akulira m'thumba la jekete,
n'kuwerenga maboti oyera ngati mano oikirira.
Alipo mazana awiri ndi khumi.
Palibe ngakhale limodzi lonunkha nsomba.

Kalelo pano panali matope ndi mwala umodzi
womangirapo bwato madzi akaphwa.
Amisiri atamanga khoma,
sitima za ku Wales zinayamba kutula malasha
n'kubwerera ndi mitengo ya paini yochirikizira migodi.
Bambo anga, a Goulven, ankasenza malashawo m'madengu.
Loweruka ankasamba kawiri
koma m'makutu mwawo munkatsalabe Wales.

Pamene pali lesitilanti ya magalasi paja
panali fakitale ya sadini.
Belu likalira, kaya ndi pakati pa usiku,
mayi anga, a Annaig, ankachotsa mwana kubere
n'kuthamanga, nsapato zamatabwa zikugogoda msewu,
kukadula mitu ya nsomba mpaka zala zitafa.
Fungo linkalowa ndi m'tchalitchi momwe.
Wansembe ankadandaula. Ankadyanso.

Musandifunse tsiku limene zinatha.
Doko silifa ngati munthu, palibe amalira maliro.
Sitima ina siibwera, kenako inanso.
Kireni inachita dzimbiri mkono uli m'mwamba
ngati mwana wasukulu amene aphunzitsi sakumuona.
Anyamata anakwera sitima ya pamtunda kupita ku Nantes,
ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri
eni doko anali amphaka ndi matayala akutha.

Ndiye kunabwera a khonsolo ndi mapepala awo.
Makina okumba pansi pa madzi anavuula
nangula, njinga, zitini zosatsegula,
ndi nsapato yamatabwa ya kumanzere.
Anaziika m'galasi mu ofesi ya alendo.
Nsapatoyo ndimaiyang'ana kwambiri.
Mayi anabwerako tsiku lina akutsimphina
ndipo sananene chifukwa.

Ndisaname, ntchito inabwerera.
Denga langa silidontha.
Mwana wanga Tugdual amasoka matanga,
amalandira zimene agogo ake sanazigwirepo.
Alendo ndi aulemu, amafunsa kogula ayisi,
amajambula khoma, amapita mu Seputembala.
M'nyengo yozizira kumatsala zingwe zokha
zikumenya milongoti usiku wonse, ngwe, ngwe, ngwe,
ngati masipuni m'makapu opanda tiyi.

Boti la pa nambala 47 ndi la dokotala wa ku Paris.
Zaka zitatu latuluka kanayi.
Mu Januwale namondwe anadula chingwe chake.
Ndinatsika ndi tochi mkamwa,
mlatho woyandama ukuvina pansi pa mapazi anga,
ndipo chogwirika chinali chimodzi:
mphete yachitsulo yakale ya pakhoma,
imene a khonsolo anaiwala kuzula.
Ndinamanga ndisanaganize.
Manja anakumbukira okha
zimene anaphunzira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
bambo atandigwira zala ndi zala zawo zakuda.

Mwini boti anabwera mu Meyi, magalasi ali pachipumi.
Analimbana nayo mfundoyo theka la ola,
kenako anagogoda pawindo la ofesi:
"Mayi, anamanga ichi ndani? Sichikumasuka."

Ndinapita naye.
Ndinakoka kansonga kamodzi, chingwe chinagwa chokha.
Anaseka, nkhope itafiira,
nafunsa kuti mfundo imeneyi dzina lake ndi chiyani.
Dzina lenileni lilipo, lili m'mabuku a amalinyero.
Ine ndinati, "Goulven."

Analilemba mufoni mwake, molakwitsa.
Ndinamuuza kuti pakati pali u.
Anakonza, nathokoza, nakwera boti lake,
ndipo tsiku limenelo analitulutsa ndithu,
mpaka kuseri kwa nyali yobiriwira ya pakamwa pa doko,
n'kubwerera nthawi ya nkhomaliro isanakwane.